Mutu ukamakupwetekani muli m'mwamba, yambani mwakayikira ekizozi

Pali dandaulo lina limene oyendetsa ndege zing'onozing'ono amalinena mongocheza, ngati si nkhani: "Ndege ijayi imandipweteketsa mutu." Munthu amanyamuka ali bwinobwino. Pakatha ola, mutu wayamba kugunda m'mbalimu, zikope zalemera, zimene amuuza pawailesi akuchita kufunsa kawiri. Akatera n'kupitidwa mphepo amapezako bwino, nkhani n'kuiwalika. Ulendo wotsatira zomwezonso. Wina amati ndi headset yothina, chovala kumakutu chomvera wailesi chija, wina phokoso la injini, wina amati sanadye kapena sanamwe madzi okwanira. Zonsezi zimapweteketsadi mutu. Koma ngati vutolo limabwera m'ndege imodzimodzi, makamaka masiku ozizira pamene mwatsegula hita, musalifunire mankhwala. Lifunireni makaniko, ndipo ndegeyo isaulukenso mpaka ataona ekizozi yake.

Chimene tikukayikira ndi mpweya wa carbon monoxide, umene ambiri amangoutchula kuti CO. Umapangika mafuta akapsa osapserera, ndipo injini ya mapisitoni ya ndege imautulutsa wochuluka, poti ilibe chosefera utsi ngati cha magalimoto a masiku ano. Ulibe mtundu, sukoma, suwawa, sumveka fungo. Akuluakulu anati tsoka silinunkha, ndipo pa mpweya uwu mawuwo si mwambi chabe. Mukamva fungo la utsi m'ndege, dziwani kuti CO alimo. Koma kusamva fungo si umboni woti mulibe.

Chifukwa chake m'mwamba zimafika poipa

M'magazi muli himogulobini, imene ntchito yake ndi kunyamula okosijeni kuchoka m'mapapo kupita ku ubongo, ku mtima ndi thupi lonse. Mpweya wa CO umamatirira ku himogulobiniyi mwamphamvu kuposa okosijeni maulendo oposa 200. Ndiye ngakhale utakhala wochepa kwambiri m'ndege, pa kupuma kulikonse umalanda malo pang'ono, ndipo malo amene walandawo suwataya msanga. Chinanso, himogulobini imene yagwidwa mbali imodzi imaumira okosijeni amene yanyamula, osafuna kumupereka kumene akufunika. Magazi amakhala anyamula zochepa, zochepazo n'kumakanizanso.

Tsopano onjezanipo kukwera. Gawo la okosijeni mumpweya silisintha, limakhalabe pafupifupi 21 peresenti, koma mphamvu imene imamukankhira m'magazi imachepa mukamakwera. Pa mapazi 10,000, omwe ndi mamita pafupifupi 3,000, imakhala itatsika kufika cha m'ma 70 peresenti ya mmene imakhalira m'mbali mwa nyanja yaikulu, ndipo pa mapazi 18,000 imatsala theka. Munthu wathanzi amapirira mapazi 8,000 popanda vuto lalikulu chifukwa magazi ake onse akugwira ntchito. Mukamuchotsera gawo limodzi mwa magawo khumi a magaziwo, thupi lake limakhala ngati lili pamwamba kwambiri kuposa pamene altimeter, chida choyezera kukwera kwa ndege, ikusonyeza. Malamulo a ku America amafuna kuti woyendetsa agwiritse ntchito okosijeni akakhala pamwamba pa mapazi 12,500 kwa mphindi zoposa 30, ndipo nthawi yonse akapitirira 14,000. Manambala amenewa anaikidwa poganizira magazi oyera. Amene wapuma CO akhoza kusokonezeka ali munsi mwenimweni mwa malirewo.

Osuta fodya amanyamuka ali kale ndi ngongole. Amene sasuta amakhala ndi CO wosapitirira 2 kapena 3 peresenti m'magazi, pamene wosuta kwambiri amatha kufika pafupi ndi 10.

Zizindikiro zimayenda motere, ngakhale anthu amasiyana: cha m'ma 10 mpaka 20 peresenti mutu umapweteka, munthu amatopa ndi kupuma mobanika akangogwira kantchito; akapitirira 20 mutu umagunda, kumabwera nseru ndi chizungulire; cha m'ma 30 mpaka 40 amaona zinthu mwachimbuuzi, maganizo amabalalika, manja samvera; kupitirira 50 ndi kukomoka ndi imfa. Zoti khungu limafiira musazidikire, zimaoneka mochedwa kwambiri, kawirikawiri munthu atamwalira kale.

Koma kwa woyendetsa ndege, choopsa chenicheni chili m'munsi mwa mndandandawu, pamene munthu akadali maso ndipo akuyankhula. Mpweyawu umayamba wawononga chida chimene mukanauzindikirira nacho, chomwe ndi kuganiza bwino. Mumaona kuti mwaphonya namba ya wailesi, osadabwa. Mumaona kuti ndege yatsika mapazi 300, n'kuti ndikonza pompano. Usiku maso ndiwo amayamba kugonja, chifukwa mbali ya diso yoonera mumdima imafuna okosijeni wambiri.

Ngozi ya ku Jerusalem Bay, kumpoto kwa Sydney ku Australia, pa 31 December 2017 imasonyeza zimenezi bwino. Ndege yotera pamadzi ya mtundu wa DHC-2 Beaver inakhotera m'kachigwa kopanda potulukira, n'kugwa poyesa kutembenuka. Anthu 6 onse anamwalira. Woyendetsa anali katswiri wodziwa bwino deralo, ndipo kwa nthawi yaitali panalibe womvetsa chimene anakhoterako. Bungwe la ATSB, lofufuza ngozi za ndege ku Australia, litayezetsa magazi, linapeza kuti iye anali ndi CO wokwana 11 peresenti. Namba imeneyi siingagwetse munthu pansi, koma n'kutheka kwambiri kuti inakwanira kusokoneza kuganiza. Pa ngozi imene inapha wosewera mpira Emiliano Sala pa 21 January 2019, ndege ya Piper Malibu ikuchoka ku Nantes, ku France, kupita ku Cardiff, ku Britain, usiku, magazi a Sala anapezeka ndi 58 peresenti. Thupi la woyendetsa, David Ibbotson, silinapezeke, koma ofufuza a AAIB, bungwe loona za ngozi za ndege ku Britain, anati n'kutheka kwambiri kuti nayenso anakhudzidwa, popeza ankapuma mpweya womwewo.

Kodi ndi CO, kapena ndi china?

Muli m'mwamba si nthawi yoti mukhale dokotala, koma mafunso angapo amathandiza, makamaka mukamaganizira maulendo apitawa.

Kodi ena m'ndegemo akumvanso chimodzimodzi? Chimfine sichigwira anthu atatu mphindi imodzi. Wokwera akangoti zii, kapena mwana akayamba kusanza kunja kuli bata, funsani aliyense mmene akumvera. Kodi vutolo linayamba mutatsegula hita kapena mpweya wochotsa nkhungu pagalasi? Ambiri amaiwala kuti mpweya wa pagalasiwo umachokera komwe kumachokera wa hita. Kodi mukatsika m'munsi kapena mukavala okosijeni mumachira msanga? Kuchepa kwa okosijeni kobwera ndi kukwera kokha kumatha m'kanthawi kochepa, nthawi zina m'masekondi. Kwa CO kumakakamira: mwatsika, mwatsegula mphepo, koma mutu ukugundabe.

Ndipo pali msampha umodzi umene ndikufuna muusunge pamtima. Kachipangizo kopanira kuchala koyezera okosijeni, pulse oximeter, kamene oyendetsa ambiri amayenda nako, sikasiyanitsa magazi onyamula okosijeni ndi onyamula CO. Kakhoza kusonyeza 97 munthu ali pafupi kukomoka. Mukamamva kudwala koma iko kakuti zonse zili bwino, kusagwirizanako kukhale chifukwa chokayikira CO, osati chokhazikitsira mtima pansi.

Woyendetsa wina wa ku Minnesota ku America, mu February 2017, anauluka maulendo angapo tsiku limodzi m'ndege ya Mooney kuli chisanu choopsa. Mutu unkamupweteka, n'kuleka, n'kuyambanso, iye n'kumaganiza kuti ndi matenda wamba. Atanyamuka ku Duluth usiku anakomoka ndege ikukwera. Inauluka yokha mpaka mafuta kutha, n'kukagwera m'munda, iye n'kudzidzimuka ali moyo. Muffler ya ekizozi, chimene pa galimoto timati sailensa, inali ndi ming'alu. Chenjezo analandira tsiku lonse, kungoti linabwera ngati mutu wamba.

Zochita muli m'mwamba

Izi muziloweze muli pansi, mutu uli bwino, chifukwa nthawi imene zidzafunike simudzatha kuziganiza. Buku la ndege yanu likakhala ndi ndondomeko yake, tsatirani imeneyo.

Tsekani hita ndi mpweya wa pagalasi, zonse, mpaka kumapeto. Kuzizidwa kupirireni. Tsegulani timabowo tonse ta mphepo ya kunja, kamodzi mukalozetse kunkhope. Zenera tsegulani ngati buku likulola pa liwiro limenelo, koma yang'anani alamu yanu yochenjeza za CO mukatero, chifukwa pa ndege zina zenera kapena chitseko chotsegula chimakokera utsi m'kati m'malo moutulutsa. Ngati muli ndi okosijeni, valani pompo ndipo mutsegule kwambiri, ngakhale muli m'munsi. Chigoba chakumaso chimaposa timachubu ta m'mphuno. Mukakhala kuti mwasiya kukwera, chepetsani mafuta pa mixture, chogwirira chosakanizira mafuta ndi mpweya, monga buku linenera, poti mafuta akachuluka kuposa mpweya injini imatulutsa CO wambiri. Tsikani ngati mapiri ndi nyengo zikulola.

Kenako yankhulani. Uzani oyang'anira kayendedwe ka ndege kuti mukukayikira carbon monoxide, mutchule dzina lenilenilo, ndipo musachite manyazi kunena Mayday, mawu olengeza ngozi, ndi kuika namba ya ngozi 7700 pa transponder, chipangizo chimene chimawasonyeza ndege yanu. Apa ndi pamene ambiri amalakwa. Amatseka hita, amamvako bwino pang'ono, n'kuti tiyeni tingomaliza, kwatsala mphindi 40 zokha. Mpweya wa m'ndege umayera msanga, koma magazi sayera msanga. Munthu akamapuma mpweya wamba, pamatenga maola anayi kapena asanu kuti CO wa m'magazi atsike ndi theka. Ndiye amene akutera ndegeyo ndi munthu wodwalabe, ngakhale akudzimva kuti wachira. Pemphani bwalo lapafupi lokhala ndi msewu wautali, akutsogolereni molunjika, akukumbutseni matayala ndi mafuta. Ngati muli ndi autopilot, chipangizo choyendetsa ndege chokha, isiyireni ntchito mpaka pafupi. Wokhala pambali panu, ngakhale sadziwa kuyendetsa, mumuuze azikuyankhulitsani ndi kuwerenga ndondomeko mokweza.

Mukatera

Pitani kuchipatala, nonse amene munali m'ndegemo, ndipo musayendetse nokha galimoto. Auzeni madokotala kuti munapuma utsi wa injini, kuti ayeze CO m'magazi mwachindunji. Muwauzenso nthawi imene yapita chiterereni komanso ngati munapuma okosijeni panjira, chifukwa namba imene apeze idzakhala yotsika kuposa imene munali nayo m'mwamba. Mankhwala ake ndi okosijeni wosasakaniza, amene amafupikitsa nthawi yotsikira CO ndi theka ija kufika pa ola limodzi kapena ola ndi theka. Odwala kwambiri amawaika m'chipinda cha okosijeni wopanikizidwa, mmene theka limachoka m'mphindi zosakwana 30. Mayi woyembekezera aonedwe ngakhale akumva bwino, popeza magazi a mwana wosabadwa amagwira CO mwamphamvu ndipo amachedwa kumutaya. Chimodzimodzi amene ali ndi vuto la mtima.

Nkhani siithera pa tsikulo. Ena amachira, koma patapita masiku kapena milungu ingapo amayamba kuiwalaiwala, kukwiya msanga, kulephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi, kapena kuyenda modzandira. Achibale ndiwo amayamba kuona. Musabwerere pa mpando wa woyendetsa dokotala wa za ndege asanakuoneni.

Kusaka polowera

Ndege zambiri za injini imodzi zimatenthetsa m'kati mwa njira yosavuta, imene ndi gwero la vuto lonseli. Muffler ija imakutidwa ndi chitini china. Mphepo ya kunja imadutsa pakati pa ziwirizi, imatenthedwa, n'kulowa kumapazi anu. Chimene chimalekanitsa utsi ndi mapapo anu ndi chitsulo chopyapyala chimene chimapsa ndi kuzizira ulendo uliwonse, chikunjenjemera, dzimbiri likuchidya. Mng'alu wonga tsitsi ndi wokwanira, ndipo umabisika pansi pa chitini chokutiracho.

Ngati muli ndi alamu yosonyeza manambala, mmene manambalawo amasinthira zimauza makaniko poyambira. Akamakwera mukangotsegula hita, n'kutsika mukatseka, vuto lili pa muffler kapena mapaipi a hita. Akamakwera ndege ikamakwera kapena ikamauluka pang'onopang'ono mphuno ili m'mwamba, n'kutsika mukawongola, ndiye kuti utsi ukuyenda pansi pa mimba ya ndege n'kumalowera m'mipata: malabala a zitseko otha, chitseko cha katundu, mabowo a matayala, tizitseko toyenderapo pokonza. Akakhala okwera nthawi zonse hita ili yotseka, yang'anani firewall, khoma lachitsulo lolekanitsa injini ndi anthu, paliponse pamene padutsa waya, chingwe kapena paipi. Yang'ananinso kachitseko ka hita komweko, poti kena kamaoneka kotseka pa chogwirira koma mkati kali pululu. Akamangokwera pang'ono muli pansi, chitseko chili chotsegula, mphepo ikuchokera kumbuyo kapena muli kumbuyo kwa ndege ina, n'kutha mukanyamuka, zimenezo zimachitika. Komabe musamakhalitse choncho, chifukwa zimene mwapuma pansi mumakwera nazo.

Pa ndege ya ku Sydney ija panali zinthu ziwiri zimene zinakumana: ming'alu pa ekizozi, ndi mabowo pa firewall pamene panasowa mabawuti a tizitseko. Chimodzi chokha mwina sichikanapha munthu. N'chifukwa chake makaniko akapeza mng'alu n'kuukonza, asaime pomwepo. Afunsenso kuti utsiwo unadzera pati kuti ufike kwa anthu.

Kuyang'ana ndi maso kokha sikukwanira, ndipo ine sindikhutira ndi mawu oti "taona, ili bwino" ngati chitini chokutira chija sichinachotsedwe. Chichotsedwe. Afufuze mwaye wakuda kapena mizere yotuwa pa mfundo ndi powotcherera, malo otupa, ndi zitsulo za mkati zimene zamasuka. Kenako atseke potulukira utsi, apopere mpweya wochepa mphamvu m'kati, apake madzi a sopo paliponse. Pamene patuluke thovu ndi pomwepo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ntchito imeneyi siifuna munthu wothamangira kuweruka. Pa ndege za turbo aonenso zomangira mapaipi, zimene zimathyoka zikatopa. Kanthu kena kakang'ono: pa chitsulo cha ekizozi salembapo ndi pensulo, chifukwa kaboni wa pensuloyo amalowerera chikatentha n'kuyambitsa mng'alu pamzere womwewo.

Muffler yakale musamaiwotcherere kawirikawiri ngati ndowa. Bungwe la FAA, loyang'anira za ndege ku America, linalangiza eni ndege kuti aziganiza zosintha muffler ikapitirira maola 1,000, litaona kuti zambiri zimene zinabweretsa ngozi za CO zinali zitadutsa pamenepo. Ndege zambiri za injini ziwiri zili ndi hita yoyaka payokha kumphuno, yotentha mafuta a ndege omwewo. Imeneyo ili ndi mayeso akeake ndi nthawi zake, ndipo ikabooka zotsatira zake n'zomwezi. Ndege za jeti vutoli silichitikachitika, chifukwa mpweya wa m'kati umatengedwa usanafike poyakira moto.

Za alamu

Malamulo opangira ndege ku America amati CO m'kati asapitirire gawo limodzi pa magawo 20,000 a mpweya, kapena kuti 50 ppm, kutanthauza magawo 50 pa miliyoni. Palibe mphuno imene ingayeze zimenezo. Mu January 2022 bungwe la NTSB, lofufuza ngozi ku America, linanena kuti pakati pa 1982 ndi 2020 panachitika ngozi 31 zobwera ndi CO, 23 mwa izo zakupha, ndipo anthu 42 anamwalira. Linapemphanso FAA, monga linachitira mu 2004, kuti ikakamize ndege zotere kukhala ndi zochenjeza. Ku Britain, kuyambira January 2025, ndege zambiri za mapisitoni zikanyamula anthu amene si oyendetsa ndege ziyenera kukhala ndi alamu yolira kapena yowala.

Kakhadi komata kokhala ndi kadontho kamene kamada kakakumana ndi CO n'kotchipa, ndipo n'chifukwa chake kali m'ndege zambiri. Vuto lake n'lakuti sikalira. Kamadikira kuti inu mukayang'ane, pa nthawi imene maso ndi nzeru zanu zayamba kale kufooka, ndipo usiku sikaoneka n'komwe. Kamathanso mphamvu ndi dzuwa ndi mankhwala otsukira, koma kakatha sikasintha maonekedwe moti n'kukudziwitsani. M'ndege ya ku Sydney munali kakhadi kotere, ndipo ofufuza anapeza kuti mwina sikankagwiranso ntchito. Ngati ndi kokhako kamene muli nako, lembanipo tsiku limene mwakatsegula ndipo muzikasintha pa nthawi imene opanga ananena.

Alamu ya m'nyumba nayo si yankho labwino. Inapangidwa kuti isamavutitse anthu ndi kulira pafupipafupi, choncho zambiri zimatha kukhala ola lathunthu kapena kuposa pa 70 ppm zisanalire. Munthu wogona pabedi akhoza kudikira ola limenelo. Amene ali pa mapazi 9,000 usiku sangathe. Pezani yamagetsi yosonyeza manambala kuyambira pansi, yolira mokweza moti n'kumveka mutavala headset, kapena yolumikizika ku headset komweko. Muiike pa bolodi la zida, pamene maso amadutsa kawirikawiri, osati m'chikwama kumbuyo kapena pakamwa pa bowo la mphepo ya kunja. Kachipangizo kake ka mkati kamakalamba pakapita zaka zingapo, ndiye onani tsiku lake lothera pamodzi ndi mabatire.

Mukaigula, ulukani nayo maulendo angapo mukulemba manambala: poyenda pansi, pokwera, mutawongola, hita yotseka, hita yotsegula. Ndege iliyonse ili ndi chizolowezi chake. Imene imasonyeza 0 kapena 2 nthawi zonse, tsiku lina n'kusonyeza 15 mutatsegula hita, yakuuzani kuti chitsulo chayamba kung'aluka, ngakhale alamu sinalire ndipo mutu sunayambe kupweteka. Lembani m'buku la zovuta za ndegeyo tsiku lomwelo, ndi manambala ake ndi nthawi imene anakwera, kuti amene adzaitenge mawa m'mawa asadzayambire kudziwa ali m'mwamba.